Galu akakalamba muzimutukula mlomo: zomwe ndinaona m'kamwa mwa Jeki wanga

Ndikulembera anzanga oweta agalu, makamaka inu amene galu wanu wafika poti kukamwa kwachita imvi, kuthamanga kwachepa, masana amangokhalira kugona pamthunzi. Ife kuno galu akakalamba chilichonse timangoti ndi ukalamba basi, akanunkha m'kamwa ndi ukalamba, akamataya dovu ndi ukalamba, akasiya fupa lomwe kale ankalimbirana ndi anzake timati ndi ukalambanso. Zina ndi ukalambadi koma zina ayi ndithu, ndipo kuti usiyanitse sizifuna sukulu, zimangofuna uzitukula mlomo wa galu wako n'kuyang'anamo.

Wanga dzina lake anali Jeki, wa lokolo koma anali ndi kamagazi ka German Shepherd, makutu oimirira chonchi. Tinamutenga ali kamwana kwa achimwene ku Chirimba ndipo tinakhala naye ku Machinjiri zaka zopitirira 12. Ana anga akula naye, usiku timagona mtima uli m'malo chifukwa cha iyeyo, nde mukamawerenga izi mudziwe kuti kwa ife sanali chiweto wamba.

Kusintha koyamba kunabwera ali ndi zaka ngati 8 ndipo kunalibe vuto. Ubweya wa kukamwa unayera, mlomo wam'munsi unayamba kulendewera pang'ono moti akagona nkhama zimaonekera, timano takutsogolo tinaperepeseka chifukwa cha mafupa, komanso m'mphepete mwa mlomo momwe munali mwakuda bii munayamba timadontho totuwa. Nthawi ya katemera wa chiwewe ndinawaonetsa a vetenale, anasisita ndi chala n'kundiuza kuti amayi, mtundu ukasintha koma khungu lili losalala, palibe chotupa, palibe chilonda, sipakutuluka magazi, nthawi zambiri si choopsa, muzingoyang'anira. Anandiuzanso kuti tinyama tosongokasongoka tam'mphepete mwa mlomo wam'munsi tija galu aliyense amabadwa nato, komanso agalu ambiri amakhala ndi madontho akuda pa lilime ndi pa nkhama chibadwire. Chomwe anatsindika n'choti dontho likayamba kutukuka, kukula kapena kusweka, pamenepo nkhani yasintha. Mawu amenewo ndi amene anadzandithandiza patsogolo.

Zenizeni zinayamba atakwana zaka 11. M'beseni lake lomwera madzi ndinayamba kuona madzi ali ofiirira pang'ono m'mamawa. Akamadya nsima yake ya mgaiwa amapendeketsa mutu kuti atafunire kumanzere kokha, ndipo nthongo zina zimagwa pansi kuchokera mbali ya kumanja, n'kuzitolanso. Fungo la m'kamwa linasintha, osati lija timalidziwa la galu, koma fungo la nyama yowola loti akakuyasamulira pafupi umatembenuka. Dovu limatuluka mbali imodzi, nthawi zina losakanikirana ndi magazi, ndipo miyendo yakutsogolo imakhala yothimbirira chifukwa amapukutirapo kukamwa. Koma apa mumvetsetse, kudya sanasiye ngakhale tsiku limodzi. Mbale amamaliza, mchira amagwedeza, usiku amauwa. Anthu ambiri amadikira kuti galu asiye kudya kuti akhulupirire kuti akumva ululu, pomwe galu amadya ndi dzino lowola, amadya ndi chilonda m'kamwa, akamafika posiya kudya ndiye kuti zinthu zapita patali kwambiri.

Abambo ena oyandikana nafe ataona dovu lija anandiitana pa mpanda amvekere, "Mayi a Chisomo, galuyu ndi chiwewe ichi, muphereni asanalume ana." Sindinawakwiyire olo pang'ono chifukwa kuno chiwewe chapha anthu, makamaka ana, n'chifukwa chake a Mission Rabies anayamba kubaya agalu katemera mu Blantyre muno mu 2015. Ndipo apa ndiime kaye chifukwa ndikukuuzani zotukula mlomo wa galu, sindikufuna wina avulale chifukwa cha ine. Chiwewe sikuti nthawi zonse galu amalusa n'kumathamangitsa anthu ayi, pali mtundu wina woti galu amangofooka, chibwano chimagwa osatha kutseka kukamwa, dovu lili chuchuchu, mawu ake asintha, akulephera kumeza, ndipo amaoneka ngati fupa lamuima pakhosi. Anthu achifundo amapisa dzanja m'kamwa kuti achotse fupalo, kumeneko n'kudzitengera imfa chifukwa kachilomboka kamakhala m'malovu. Galu amene sanabayidwe katemera, kapena amayendayenda, kapena analumidwa ndi galu wachilendo, akayamba zimenezi mwadzidzidzi musamugwire kukamwa, mutsekereni n'kuitana a vetenale. Ngati wakulumani kapena malovu ake akhudza chilonda chanu, tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Dovu lobwera mwadzidzidzi limodzi ndi kunjenjemera, kusanza ndi kutsegula m'mimba lingakhalenso poizoni, tameki uja akuba amaika mu nyama n'kuponya mumpanda, ameneyo safuna kudikira mawa.

Kwa Jeki zinali zosiyana. Katemera amabayidwa chaka chilichonse ndipo khadi lake ndinali nalo, samatuluka mumpanda, khalidwe lake silinasinthe, komanso vutoli linali litatenga masabata angapo likukula pang'onopang'ono, pomwe galu wa chiwewe zizindikiro zikayamba sapitirira masiku 10 asanafe. Nde madzulo ena bambo akunyumba anamugwira mutu mwachikondi akumusisita, ine n'kuyatsa tochi ya foni n'kutukula mlomo. Kumanzere kunali mano achikasu okutidwa ndi zolimba zabulauni, nkhama zofiira psuu m'mphepete mwa mano. Nditatembenukira kumanja, kumunsi, kuseri kwa dzino lalitali losongoka lija, ndinaona chotupa chakuda chachikulu ngati nzama, pamwamba pake posweka, nditangokhudza pang'ono magazi anayamba. Mtima unangoti myuu. Chinali pamalo poti galu atangoyasamula sungachione, mpaka utakokera mlomo kumbuyo kwenikweni.

Tinabwereka galimoto kwa alamu anga n'kupita naye kwa dokotala wa ziweto. Adokotala anayamba apapasa pansi pa chibwano mbali zonse ziwiri kufuna kuona ngati pali mwanabere, kenako anamutenga magazi kuti aone impso ndi chiwindi asanamugonetse, chifukwa galu wamkulu sumangomubaya mankhwala ogonetsa osadziwa m'kati mwake muli bwanji. Ine ndinali ndi mantha kuti pa msinkhu umenewo mwina sadzuka, iwo anati ukalamba pawokha si matenda, chomwe amayang'ana ndi mtima, impso ndi magazi, ndipo m'kamwa mwa galu sungamuone bwinobwino ali maso.

Anandilola kulowa atagona kuti ndione ndekha. Galu wamkulu amakhala ndi mano 42, ndipo ine zaka zonsezi ndimangoona akutsogolo okha. Akumbuyo ena anali akugwedera, nkhama zitathawa moti mizu ikuonekera, pakati pake patadzaza ubweya ndi zakudya zowola, atafinya pang'ono panatuluka mafinya. Anati amenewa ndi matenda a nkhama, agalu ambiri amayamba nawo akangopitirira zaka 3, amayamba ndi litsiro lomata pa mano lomwe limauma n'kukhala gwaa, kenako tizilombo timalowa pansi pa nkhama n'kumadya fupa lomwe lagwira dzino. Mano owola aja anazula, otsalawo anapala.

Za chotupa chija anandiuza mosabisa kuti ndi maso okha palibe dokotala angalumbire kuti ndi chakuti. Pali zotupa zina za pa nkhama zolimba zapinki zomwe amazitcha epulis, zambiri mwa izo sizifalikira m'thupi, ukadula bwino nkhani yatha, ngakhale pali mtundu wina womwe umadya fupa la nsagwada. Ndiye pali khansa, ndipo ya m'kamwa yomwe imapezeka kwambiri mwa agalu ndi melanoma, imakonda agalu okalamba, nthawi zambiri imakhala yakuda koma ina imakhala yapinki yopanda mtundu nkomwe, nde osamati poti si chakuda ndiye kuti n'chabwino. Pali inanso squamous cell carcinoma yomwe imaoneka ngati chilonda chosapola, ndi fibrosarcoma yomwe imatupitsa nsagwada mwakachetechete. Anatchulanso matenda aja timawaona kwambiri mwa agalu oyendayenda m'makwalalamu, chotupa chofiira chotuluka magazi kumaliseche chomwe amapatsirana pokwerana, amachitcha TVT, akuti chimatha kumera pa mlomo kapena m'mphuno chifukwa cha kunyambita ndi kununkhiza, ndipo chimenecho nkhani yake ndi yabwino chifukwa jakisoni wa vincristine wobaya sabata ndi sabata amachisungunula. Mukuona nokha kuti zotupa zooneka mofanana mathero ake ndi osiyana kutalitali, n'chifukwa chake amadula kachidutswa n'kutumiza ku labu.

Zotsatira zinabwera kuti ndi melanoma. Adokotala anati, "Mayi, matendawa sitimalonjeza kuti tiwathetsa, koma kukula kwa chotupa pa tsiku lomwe mwabwera nacho ndi kumene kumanena zambiri." Anafotokoza kuti chikakhala chosakwana masentimita 2 ndipo sichinafalikire, galu akachitidwa opaleshoni amatha kukhala chaka kapena kuposerapo, koma chikapitirira masentimita 4 kapena chikafika mu mwanabere ndi m'mapapo, nthawi zambiri imakhala miyezi yochepa chabe. Cha Jeki chinali chisanafike masentimita 2, anamujambula X-ray ya pachifuwa mapapo anali oyera, pansi pa chibwano panalibe chotupa. Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti masabata omwe munthu amataya akuti tione kaye mwina chiphwa chokha, ndi omwe amachotsa chotupa pa masentimita 2 kupita pa 4.

Tinakhala pansi ndi bambo akunyumba kuwerengera, chifukwa tinene zoona ndalama zake si zamasewera ndipo pakhomo pali fizi ya ana. Sindingaweruze munthu amene sangakwanitse, koma ndikupempheni kuti olo mulibe ya opaleshoni pitanibe mukamve, chifukwa pali mankhwala ochepetsa ululu ndi opha tizilombo omwe amamupatsa galu mpumulo, kusiyana n'kumusiya kuseri kwa nyumba akuwolera m'kamwa. Ku Blantyre kuli BSPCA, ku Lilongwe kuli LSPCA, awa ndi mabungwe osamalira ziweto, ndipo m'maboma muli maofesi a zaulimi komwe kumapezeka a vetenale omwe angakuuzeni koyambira. Ife tinasankha opaleshoni. Sanangodula chotupa chokha pamwamba, anachotsa ndi mano oyandikana nacho komanso kachigawo ka fupa la nsagwada, chifukwa akuti khansa imeneyi imalowerera m'fupa ndipo ukangometa pamwamba imameranso posachedwa.

Ndimaopa kuti adzaoneka moopsa kapena adzalephera kudya, koma abale agalu ndi olimba. Lilime limatulukira pang'ono mbali ya kumanjako, dovu limagwa kuposa kale, koma pasanathe nthawi anayamba kudya mosangalala kuposa miyezi yonse ya m'mbuyo, moti ndinazindikira kuti ulesi womwe tinkauona uja mbali yaikulu unali ululu wa mano. Anayambiranso kuthamangira ku geti ana akamabwera kusukulu. Chakudya ndimamuphikira phala la mgaiwa lolimbirako, n'kuswerapo dzira lowiritsa, usipa wowiritsa wopanda mchere wosinjasinja, nthawi zina chiwindi cha nkhuku kapena maungu, ndimaumba timibulu ting'onoting'ono kuti azingonyamula n'kumeza. Mafupa tinasiyiratu. Ndiwo zotsala zapatebulo zokhala ndi anyezi wambiri sindimamupatsa chifukwa anyezi amawononga magazi a galu. Akamaliza kudya ndimamupukuta milomo ndi kansalu konyowa, makamaka mukhwinya la mlomo wam'munsi, chifukwa malo amenewo akamakhala onyowa nthawi zonse amafiira n'kuyamba kununkha, agalu a milomo yolendewera vuto limeneli limawapeza olo alibe matenda ena, komanso nyengo yotentha ntchentche zimatha kuikirapo mphutsi.

Chimodzi chomwe ndikupempheni ndi mtima wonse, musamupatse galu mankhwala anu a ululu. Brufen ndi diclofenac amaboola m'mimba mwa galu n'kuwononga impso, Panado naye mukaphonya muyezo amawononga chiwindi, ndipo kwa mphaka ndiye amapha kumene. Agalu ali ndi mankhwala awo ndipo muyezo umatengera kulemera kwake. Chimodzimodzi mankhwala otsukira mano athuwa si a galu chifukwa iye salavula, amameza. Komanso zothira mchere, oyilo wakuda wa galimoto kapena dipi pachilonda cha m'kamwa, chonde ayi, mukungomuotcha.

Pa maulendo obwereza aja ndinaphunzira zina zomwe m'kamwa mwa galu mumanena zokhudza thupi lonse. Adokotala anandionetsa kudina nkhama ndi chala, pamayera, ukachotsa chala pamayenera kubwerera pinki pasanathe masekondi 2. Nkhama zikakhala zoyera mbee ndiye kuti magazi achepa, ndipo kuno kawirikawiri amakhala matenda a nkhupakupa kapena njoka za m'mimba, mwa galu wokalamba kungakhalenso kutaya magazi m'kati. Zikakhala zachikasu ndi chiwindi kapena matenda a nkhupakupa omwewo atakula. Galu wamkulu amene akumwa madzi kwambiri, akukodza pafupipafupi, akuonda, m'kamwa mukumveka fungo la mkodzo ndipo pa lilime kapena m'masaya mwatuluka zilonda, kumeneko kayezetseni impso. Kutupa pansi pa diso komwe kumaphulika n'kupola n'kuyambiranso nthawi zambiri vuto si diso, ndi muzu wa dzino lalikulu lakumbuyo lam'mwamba, lomwe limasweka akamatafuna mafupa olimba, ndipo sikutha mpaka dzinolo litazulidwa. Nayenso galu woyetsemula akamadya, mamina akutuluka mphuno imodzi, dzino lalitali lam'mwamba limatha kuwola mpaka kuboola njira yopita m'mphuno.

Ya mlomo kugwa mbali imodzi ndinaionera pa galu wa achemwali anga ku Zomba. Anandiimbira foni kuti galu wawo wachita sitiroko, mlomo wa kumanzere walendewera, chakudya chikugwa, khutu lagwa. Ndinawauza kuti ayandikize chala ku diso la mbali imeneyo aone ngati akuphethira, anapeza kuti diso lili tong'oo osaphethira. Poti katemera wake anali wa chaka chomwecho anapita naye kwa dokotala, ndipo anapeza kuti ndi mtsempha woyendetsa nkhope womwe umadutsa pafupi ndi m'kati mwa khutu, khutulo linali ndi mafinya kwa nthawi yaitali, galu amangopukusa mutu n'kumakanda. Anamupatsa mankhwala a khutu ndi ena odontheza m'diso kuti lisaume poti silimatseka. Mlomo sunabwerere mwakale kwenikweni koma galuyo alipo mpaka lero akudya bwinobwino. Nde si kusintha kulikonse komwe kuli khansa, zina zimachizika ndithu, ngakhale kamtengo kapena fupa lopingasa kumwamba kwa m'kamwa limatha kununkhitsa galu n'kumutayitsa dovu masabata, dokotala n'kungolichotsa basi.

Jeki anakhala nafe bwino kupitirira chaka chitachitika opaleshoni. Kenako ndikumupukuta milomo ndinamva chotupa cholimba pansi pa chibwano kumanja, ndipo posakhalitsa pamalo pomwe anadula paja panayamba kumeranso chakuda. Ulendo uno chimakula mwachangu zedi. Anayamba kutsokomola, kupuma movutikira akangoyenda pang'ono, X-ray inaonetsa kuti yafika m'mapapo. Tinapitiriza mankhwala a ululu ndi phala lake, koma linafika tsiku loti amabwera pa mbale, kununkhiza, kundiyang'ana, n'kubwerera kukagona. Adokotala anali atatiuziratu kuti tiziwerenga masiku abwino ndi oipa, oipa akachuluka tisamusunge chifukwa cha chisoni chathu. Tinawauza ana zoona zake, anatsanzikana naye, ndipo anamubaya jakisoni womugonetsa osadzukanso mutu wake uli pamwendo pa bambo akunyumba. Anthu ena anatiseka kuti mpaka kulira galu, koma ine ndinalira ndipo sindibisa.

Pano tili ndi kagalu kena, ndipo ndinayamba kukazoloweza kakadali kakang'ono kuti ndizikagwira kukamwa, kutukula milomo mbali zonse mpaka kumbuyo, kuyang'ana pansi pa lilime ndi kumwamba, kenako n'kukapatsa kachakudya kuti kaziona ngati masewera. Ndimakatsuka mano ndi kansalu kokulunga pa chala, chifukwa litsiro lija likadali lofewa limachoka mosavuta koma likauma ndi dokotala yekha angalipale. Kwa inu amene galu wanu ndi wamkulu kale ndipo sanazolowere, musamukakamize kuyasamula, ingotukulani mlomo kukamwa kuli kotseka, mukhale awiri, ndipo akayamba kulira kapena kuchita ukali musiyeni chifukwa galu wa ululu amaluma olo mwini wake. Kamodzi pa mwezi n'kokwanira kwa galu wopitirira zaka 7. Mukaona dontho kapena kachotupa kajambuleni ndi foni mutaika kobiri pambali pake kuti kukula kwake kuzidziwika, ndipo chilichonse chotukuka, chotuluka magazi, kapena chilonda chomwe chatha masabata awiri osapola, pitani nacho. Dzino logwedera lokha pakati pa mano abwinobwino nalonso musalinyozere, nthawi zina chimaligwedeza ndi chotupa chomwe chili pansi pake.

Mukamapita kwa dokotala yambani mwaimba foni mufunse ngati galuyo abwere osadya, chifukwa akafuna kumugonetsa amafuna m'mimba mulibe chakudya ndipo akadya m'mawa angakubwezeni ulendo wautali pachabe. Tengani khadi la katemera, zithunzi zomwe munajambula zija, ndi mankhwala aliwonse omwe mwamupatsa kale kunyumba kuti adokotala awaone.